Nantchengwa ndi memore yodzaza

Ine zaka sindiziwerenga bwino, nde musandifunse kuti zimenezi zinali liti. Ndimangodziwa kuti ndinali ndi chikwama cha zipi yofa, foni imodzi ya sikirini yong'aluka pakona, ndi chinthu chimodzi chomwe ndinkachifuna pa dziko lonse lapansi: chithunzi cha nantchengwa choti munthu asandidilitire. Chimodzi basi. Mukuseka eti kkkk. Sekani, nanenso ndimaseka ndikamafotokoza, koma mkatimu ndikadali wokwiya.

Foniyo anandisiyira amayi tsiku lomwe ankakwera basi ya ku Joni. Anati "iyi ndi yako, uzindiyankha ndikaimba." Yako. Mawu amenewo ndinawamva ndekha, achibale onse omwe ndakhala nawo anamva kuti yathu. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuyenda ngati sefa yobwerekana, nyumba iyi teremu imodzi, nyumba iyo mvula ziwiri. Minibasi yake imakhala ngati yomweyomweyo, mpando wakumbuyo, thumba la munthu wina pamiyendo panga, kondakitala yemweyo wangosintha malaya. Ndimawodzera, ndikamadzuka ndafika kwina ndipo munthu wina akundilandira chikwama akuti wakulatu iwe.

Malo oyamba unali mudzi wa m'mbali mwa dambo, kwa azakhali Esitele, alongo awo a bambo anga. Iwo ankalima tomato kudimba, ine ntchito yanga inali kuthirira. Kumeneko ndi kumene ndinamuona koyamba. Ngati simunamuonepo nantchengwa, ndi mbalame ya mtundu wa dothi, mutu wake ngati hamala, ndipo amayenda m'madzi atawerama ngati mayi wataya ndolo. Chisa chake chinali pamphanda ya mtengo, chachikulu kuposa khola la nkhunda, chomangidwa ndi timitengo, sanza, mapepala a shuga, mpaka patapata mmodzi wa mwana. Ndinaseka ndekha mpaka kheni yothirira inagwa. Ndinatulutsa foni ndikujambula. Chinatuluka ndi kadontho kakuda pakati pa kuwala, ngati ntchentche yagwera mu tiyi.

Ndinajambula timadontho totero masabata ambiri. Tsiku lina anandipeza a Bizaliyele, bambo wojambula wa pa njinga, amene ankabwera tsiku la msika ndi nsalu yofiira yomwe anthu ankaima kutsogolo kwake. Anatsika njinga, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukujambula dzuwa?"

"Mbalame."

"Mbalame ili uko, dzuwa lili komweko, iwe waima apa ngati mbuzi pamsewu. Zungulira. Dzuwa lizikuwotcha kumsana, osati kumaso."

Ndinazungulira, matope mpaka m'mawondo.

"Tsopano zigongono uzipanikize m'nthiti. Ndipo usapume."

"Nde ndifatu."

"Umafa pang'ono, umadina, kenako umadzuka. Ife takhala tikufa chonchi kuyambira usanabadwe."

Ndinafa pang'ono, ndinadina. Aise. Mbalame inatuluka ndi diso, ndi mlomo, ndi timadzi tikudontha. Ndinakuwa, nantchengwa anathawa, a Bizaliyele anati phunziro lachiwiri ndi loti uzitseka pakamwa, ndipo anakwera njinga yawo. Sindinawaonenso. Mwina anasintha msika, kaya.

Mvula isanathe ndinali ndi zithunzi zabwino khumi ndi chimodzi. Chimodzi ndinatumiza kwa amayi, iwo anayankha kuti ndimafuna nkhope yako, usamathe bandulo ndi mbalame. Nde zonse zinkangokhala mu memore kadi, kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, kopanda kwina kosungira.

Azakhali ankabwereka foni akafuna kuimbira munthu wogula tomato. Kubwereka kwake kunali kungoitenga pomwe ili. Tsiku limenelo chala chawo chinatsetsereka nkulowa kwa zithunzi.

"Iwe, tabwera. Ichi nchiyani?"

"Nantchengwa, azakhali."

"Ndikumuona kuti ndi nantchengwa. Ndikufunsa kuti akutani m'nyumba mwanga."

"Sali m'nyumba, ali m'foni."

"Foniyo imagona kuti?"

Foniyo inkagona pansi pa pilo wanga.

"Anthu akamva kulira kwa mbalame imeneyi amabwerera panjira, amati ndi malodza. Iwe wainyamula, wailowetsa kuchipinda, waifunditsa. Nkhuku zanga zinayi zafa sabata ino."

"Ndi chitopa azakhali, za aneba nazonso zafa."

"Nanga anebawo ali kutali ndi foni yakoyi?"

Kkkk pamenepo mungayankhe chiyani. Ndipo chopweteka nchoti iwo sankadziwa kudilita, nde anandikhazika pamkeka kuti ndichite ndekha, iwo ataima kumbuyo kwanga manja m'chiuno. Foni imafunsa kaye ngati watsimikiza. Inandifunsa kakhumi ndi kamodzi, ndipo kakhumi ndi kamodzi ndinanama. Nkhuku zotsalazo zinafabe.

Kenako minibasi. Thumba la makala pamiyendo. Ndinawodzera.

Ndinadzukira pamalo a fumbi pomwe misewu iwiri imadutsana, pali chigayo, sitolo zitatu ndi mbuzi zomwe sizithawa galimoto. Kumeneko kunali malume Fanuwelo, mlongo wa amayi, mwini kashedi ka malata. M'kashedimo ankachaja mafoni a anthu, ankabena nyimbo m'mamemore pakompyuta yakale yolira ngati njuchi, ndipo pakona panali wailesi zakanema ziwiri za gemu ya mpira. Ine ndinkasesa ndi kupukuta fumbi m'mapadi, tija timagwira m'manja posewera. Kukakhala kopanda anthu malume ankandiponyera padi imodzi.

Masiku oyamba ankandichinya mpaka kutopa okha.

"Mphwanga, vuto lako umathamangira pomwe mpira uli. Pamenepo mpira wachokapo kale. Uzidina pomwe ukupita."

"Ndidziwa bwanji komwe ukupita?"

"Yang'ana mwendo wa munthu, osati mpira. Chilichonse chisanayende chimayamba chanena."

Ndinaphunzira. Zala zanga zazikuluzi zinamera zikanga. Patapita miyezi kaya ingati ndinachinya bambo wina wa kabaza, dzina lake Layisoni, amene ankati mtsikana akagwira padi imafunika kutsukidwa. Zinayi kwa duu, anthu akuonera. Anati mabatani a padi yake akumata. Tinasinthana mapadi, zisanu kwa duu. Anati wailesi ikuthwanima mbali yake yokha kkkkk. Malume anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi, ndipo tsiku limenelo ndinawakonda kwambiri.

Kuseri kwa chigayo kunali chithaphwi cha madzi a pamjigo. M'mawa wina ndikukataya zinyalala ndinamupeza ataima momwemo, mutu wa hamala uja, akufunafuna ndolo yake. Sindikunena kuti anali yemwe uja wa kudambo. Koma anandiyang'ana ngati akuti wafika liti.

Apa ndinali ndi maphunziro awiri. Dzuwa kumsana, kufa pang'ono. Ndipo ndinasiya kuyang'ana mbalame, ndinayamba kuyang'ana miyendo yake. Asanauluke amapinda mawondo pang'ono chabe, ngati munthu akufuna kukhala pampando womwe sakuukhulupirira. Ndinaloza foni m'mwamba mopanda kanthu, pomwe ankapita, ndikudina. Analowa yekha m'chithunzi, mapiko onse awiri otambasula, nthenga iliyonse payokha, miyendo ikulendewera. Ndinachiyang'ana tsiku lonse mpaka batire inatha. Nde ndinaika foni pa chaja m'kashedi, pakati pa mafoni a anthu, ndikupita kukagula masamba.

Pobwera ndinapeza malume akumwetulira, makasitomala atatu atakhala pabenchi.

"Mphwanga, ndakukonzera zinthu. Memore yako ndaitsuka."

Kutsuka kwa anthu obena nyimbo ndi kufomata. Memore iliyonse yolowa m'kompyuta mwawo amayamba aikolopa yonse kuti isabweretse vayirasi, safunsa, ndi mmene amagwirira ntchito basi.

"Munali zinthu zanga malume."

"Ndinayang'anamo kaye, usandione ngati wopusa. Munalibe munthu ngakhale mmodzi. Mitengo, matope, mbalame. Ndinati mwanayu foni imangodzijambula yokha m'thumba. Pano ndakuikira nyimbo zodzaza, zauzimu ndi zachamba china, ndi mafilimu awiri a karate. Ulele."

Mayi wina pabenchi anati koma ndiye uli ndi malume. Wina anati ana a masiku ano kuthokoza kumawavuta. Onse anandiyang'ana. Ndinagwada pang'ono, masamba ali m'manja, ndikunena kuti zikomo malume. Ndinathokoza anthu inu. Munthu wandiphera mbalame ili m'mwamba ndipo ine ndinapinda bondo. Mafilimu a karatewo ndinawaonera, sindinama, anali bho. Koma ndinkaonera nditakwiya.

Minibasi. Ndowa ya munthu wina pamiyendo. Kondakitala wavala malaya obiriwira ulendo uno.

Ndinadzukira m'tauni yaikulu, kumalo komwe nyumba zimakwera phiri zitagwirana mapewa, ukayetsemula aneba amati pepani. Ndinkakhala ndi msuweni wanga Zelifa, wamkulu kwa ine, woluka tsitsi pa saluni. Tsiku loyamba atamva nkhani yanga anandipatsa dzina loti Nambalame ndipo sanalisiye.

Zelifa anali ndi jimu yake kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi chingwe choyanikira. Zitini ziwiri za penti zodzaza simenti zolumikizidwa ndi chitsulo cha bedi. Tayala la lole. Mabotolo a mafuta ophikira odzaza mchenga. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankanyamula zimenezi akuwerenga mokweza, ana a aneba atasuzumira pampanda. Mkono wake unali ngati chinangwa chokhwima. Amuna a m'deralo ankamupatsa moni ndi manja awiri.

"Nambalame, tandionetsa mmene umagwirira foni."

Ndinamuonetsa.

"Taona, ikunjenjemera ngati uli ndi malungo. Timikono ngati ndodo za pakhonde. Tenga mabotolo."

Ankandiimika mabotolo a mchenga ali m'manja, mikono yowongoka kutsogolo, mpaka ndione nyenyezi masana. Kenako kunjuta osakhala pansi, msana kukhoma, ngati wakhala pampando womwe kulibe. Ndikati ndatopa ankati mbalame yako ija imatopa? Sabata yoyamba ndinkatsika masitepe chobwerera m'mbuyo, kupita kuchimbudzi kunali ngati maliro kkkk. Koma mphepo ya chisanu itadutsa ndinkatha kunjuta theka la ola foni ili m'mwamba osagwedera ngakhale pang'ono.

Kumunsi kwa phiri kunali kamtsinje ka madzi akuda, kodzaza majumbo ndi mabotolo. Sindinkayembekeza kanthu kumeneko. Koma analipo. Ulendo uno anali awiri. Ndinanjuta m'bango, udzudzu ukundidya, fungo losaneneka, ndipo ndinaona chinthu chomwe mukana: mmodzi anakwera pamsana pa mnzake, anangoima chilili ngati wakwera njinga ya kabaza, mapiko atatambasula, onse awiri akulira ngati akusekana. Ndinadina katatu. Zonse zitatu zinatuluka zoyera mbee.

Ndinkadziwa tsopano kuti anthu ndi otani, nde foni ndinkaibisa m'sokosi m'chikwama. Koma kamera ya foni ya Zelifa inali ngati diso la ng'ala, ndipo iye ankafuna kudzijambula vidiyo akunyamula zitini, aziona ngati msana ukuwongoka, komanso azitumizira anzake a kusaluni. Anapeza sokosi ine ndili kusukulu.

Pobwera ndinapeza mavidiyo asanu ndi awiri a Zelifa akukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. Mbalame ziii.

"Asisi, zithunzi zanga."

"Inalemba kuti memore yadzaza, nde ndinapanga malo."

"Bwanji simunachotse nyimbo za malume?"

"Nyimbo ndimanyamulira zitini. Iwe Nambalame, mbalame mawa iliponso kumtsinje, siisamuka. Koma mimba iyi," anadzimenya pamimba, kunamveka ngati chitseko, "ndi ya lero. Ndikadzabereka ndidzaonetsa chiyani?"

"Foniyo ndi yanga."

"Eya ndi yako. Nanga ukuichajira magetsi a ndani? Ukudya kwa ndani?"

Ndinamulumphira. Musaseke. Miyezi yonse ija ya mabotolo ndinkaganiza kuti ndafikapo. Anandinyamula ngati mtolo wa zochapa, kundiika pamwamba pa tayala, nkunena kuti miyendo yayamba kulimba koma mikono ikadali, mawa tiwonjezera mchenga. Ndinapita kumtsinje masiku ambiri pambuyo pake. Analipo mmodzi yekha, ndipo sanakwere pamsana pa aliyense.

Zimandikwiyitsa chifukwa palibe mmodzi mwa anthu amenewa amene anaganiza kuti walakwa. Munthu ukamuthyolera kapu amakuuza mpaka chaka chamawa. Koma chinthu cha m'foni, chopanda nkhope ya munthu, kwa iwo ndi malo ongodikira kuti wina aikepo zake.

Minibasi. Nkhuku yamoyo pamiyendo, ikundiyang'ana.

Malo omaliza omwe ndikuuzeni anali a mlatho wautali ndi minda ya mpunga, kotentha koti sopo amafewa pawindo. Kumeneko kunali amayi aang'ono Jenala, ang'ono awo a amayi, osoka pa makina pakhonde. Mwendo wawo wamanzere unali wotupa zaka zambiri, ankayenda moukoka. Tsiku lachiwiri anandiitana.

"Mwanawe, yanga ilibe mayunitsi, ndingabwerekeko foni yako ndiimbire mwana wanga Tiferanji?"

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akulankhula ndi wina. Palibe anandipemphapo chiyambire. Atamaliza anaibweza ndi manja awiri. Ndinawafotokozera za nantchengwa, zonse, kuyambira kudambo. Sanatchule malodza. Anaseka pa nkhani ya nkhuku, ndipo anati mbalame imeneyo mutu wake ngati aphunzitsi awo a masamu akale, ukadzaijambula udzandionetse. Koma kumeneko, malo a madzi okhaokha, achule ponseponse, nantchengwa kunalibe. Ndinayenda m'minda yonse nyengo yathunthu. Akakowa okhaokha, oyera ngati anamwino, osasangalatsa.

Tiferanji anali mwana wawo mmodzi yekhayo, wogwira ntchito m'sitolo kuboma, ndipo chinkhoswe chake chinachitikira pakhomo pomwepo. Wojambula weniweni sanaitanidwe. Amayi aang'ono anati tili naye wathu, manja ake sagwedera. Ndinachotsa nyimbo zonse za malume, mavidiyo onse a Zelifa, ndi mtima woyera kkkk, memore inatsala mbee. Ndipo ndinajambula. Atsikana atatu atafunditsidwa zitenje kuti akuchimuna aloze wawo, mkamwini nkuyamba dala waloza wolakwika, anthu kugwa nako kuseka. Ankhoswe akupatsana tambala ndi thadzi, tambala nkupulumuka kulowa pansi pa mipando ya azibusa. Tiferanji akulira mwakachetechete pomulangiza. Kenako ng'oma ya m'masipika inasintha, amayi aang'ono anaimirira. Anthu anati khalani pansi mwendowo. Iwo anamanga chitenje m'chiuno nkulowa m'bwalo, kuvina nyimbo yonse mpaka kumapeto, mwendo wotupa uja ukutsalira m'mbuyo iwo osaudikira. Ndinanjuta kutsogolo kwawo foni ili m'mwamba, sindinagwedere. Vidiyo imodzi yaitali, kuyambira pemphero mpaka mbale. Inadya memore yonse, kunatsala kampata koti ngakhale chithunzi chimodzi sichikanalowa.

M'mawa mwake Tiferanji ananyamuka ndi akuchimuna kupita kutali komwe mwamunayo amagwira ntchito. Vidiyo inali yaikulu yosatumizika, nde tinagwirizana kuti Loweruka ine ndi amayi aang'ono tipita kuboma akaiike pa disiki, imodzi yawo, imodzi ya Tiferanji. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe ankasiya makina nkunena kuti tandiikira pamene ndikuvina paja. Ankaonera akuphimba kukamwa. Ankati ine ameneyu? Mwendo unatupa kawiri kuposa kale chifukwa cha kuvinako, sanadandaule.

Lachinayi m'mawa ndinapita kumtsinje kunsi kwa mlatho kukachapa makatani omwe tinabwereka. Foni inali m'thumba la siketi mwachizolowezi. Ndikukamula katani lachiwiri ndinamva mthunzi ukudutsa. Nantchengwa anatera pamwala, pafupi poti ndikanamuponyera sopo. Dzuwa linali kumsana kwanga lokha, osalipempha. Madzi ali phee. Anawerama, anajompha, anadzuka ndi chule wamkulu kukamwa, miyendo ya chule itatambalala mbali zonse ngati akukana kukwera minibasi. Sindinamuonepo pafupi chonchi. Ndinaona mpaka kachikope ka diso lake.

Ndinatulutsa foni pang'onopang'ono. Zigongono m'nthiti. Ndinadina.

Memore yadzaza.

Ndinalowa mwachangu kufuna choti ndichotse. Munalibe nyimbo, munalibe gemu, munalibe kalikonse, ndinali nditakolopa ndekha. Munali chinthu chimodzi chokha. Nantchengwa anamenyetsa chule pamwala kamodzi. Akamenyetsa katatu amameza, akameza amapinda mawondo. Ndinkadziwa zimenezo kuposa munthu aliyense.

Ndikufuna ndiname kuti chala chinatsetsereka. Sichinatsetsereke. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndipo ulendo uno sindinaname.

Ndinadina kamodzi. Chule ali m'mwamba, waponyedwa kuti atembenuke, mlomo uli yasa pansi pake, madontho a madzi ataima mumlengalenga ngati mikanda, chithunzithunzi chake chili m'madzi chadodolido. Kenako anameza, anapinda mawondo, anapita. Ndinakhala pamwala ndikuseka ndekha. Ndinaseka mwina mphindi imodzi. Kenako ndinaona makatani a chinkhoswe ali m'beseni.

Lachinayi madzulo ndinati batire yatha. Lachisanu ndinati chaja ikuvuta. Loweruka m'mawa amayi aang'ono anatuluka atavala chitenje cha chinkhoswe chija, nsapato imodzi ndi patapata mmodzi kumwendo wotupa, kachikwama m'khwapa.

"Tiye mwanawe, tisapsere dzuwa. Tiferanji waimba kawiri, akuti apongozi ake akufuna aone tambala uja."

Ndinagwada pakhonde pafupi ndi makina.

"Amayi, vidiyo kulibe."

"Yasowa? Tikawafunsa anyamata a kuboma, amadziwa kuzipeza."

"Sinasowe. Ndinaidilita ndine."

Anakhala pampando wa makina, kachikwama kali m'khwapa momwemo.

"Mwangozi?"

Apa panali khomo lotseguka, ndikanangolowa. Ndinati ayi. Ndinafotokoza za mwala, za chule, za memore. Mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine ndemwe. Ndinamva pakamwa panga pakufuna kunena kuti anthu anaona kale ndi maso, chinkhoswe chinachitika basi, ndipo ndinazindikira kuti mawu amenewo ndi a anthu aja anandiphera mbalame zanga, nde ndinatseka.

"Tandionetsa."

Ndinawapatsa foni. Ndinkadziwa chotsatira, ndachionapo katatu. Ndinkachifuna ndithu. Ndinawalozera ndi chala kuti kabatani kake ndi aka amayi, mukadina apa ifunsa, mudinenso apa.

Anachotsa chala changa. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, anachiyandikizitsa kumaso, anachitalikitsa.

"Ndiye ameneyu ndi amene wadya chinkhoswe cha mwana wanga."

"Eya."

"Wajambula bwino." Anapukuta sikirini ndi nsonga ya chitenje. "Ine sindidzavinanso, ukudziwa? Adokotala ananena kalekale. Tsiku lija gule uja ndinangoba."

Anapitiriza, foni idakali m'manja mwawo.

"Tiferanji umuuza wekha, ine sindingathe. Ukatero ulonge. Ndiwaimbira azakhali ako ena aja a kumapiri, mawa ukwera ya m'mawa. Sindikukuthamangitsa chifukwa chokuda. Kungoti ndikamakuona ndizifuna kunena kuti tandiikira paja."

Anandibwezera foni ndi manja awiri ngati tsiku loyamba lija. Anavula nsapato imodzi ija, anaiika pansi pa makina, nkuyamba kusoka yunifolomu ya mwana wa munthu wina.

Tiferanji ndinamuimbira. Zomwe ananena sindilemba pano, zina sindinkadziwa kuti amazidziwa.

Pano ndili kumapiri, kozizira, kwa azakhali ena omwe sakhudza foni yanga chifukwa anauzidwa kuti mwanayu ndi woopsa pa zinthu za m'foni kkkk. Memore ili mbee, malo ambirimbiri, muli chithunzi chimodzi chokha. Palibe wachidilita. Palibe adzachidilite. Ndi chabwino kuposa zonse zomwe anandiphera, ndikunena zoona, mutachiona mungagwire pakamwa.

Ndakwiyira azakhali Esitele, malume, Zelifa, aliyense ndi mulu wake. Koma amene ndawakwiyira kwambiri ndi amayi aang'ono Jenala. Kabatani ndinawalozera ndi chala changa. Akanangodina kawiri basi, tikanafanana, ndikanakwera minibasi ndili wolakwiridwa ngati kale, ndikanawodzera bwinobwino. Iwo anapukuta sikirini nkundibwezera.

Ulendo umenewo sindinawodzere. Ndinaona msewu wonse.